Mmene Akatswiri Anatulukira Kuti Cerebellum Imasintha Zolandirira Zake Ikamakula

Cerebellum ndi gawo la ubongo limene lili kunkhongo, cha m'munsi, pamwamba pang'ono pa pomwe khosi limayambira. Pa kulemera kwa ubongo wonse wa munthu imangotenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, komatu maselo ambiri a mitsempha ali mmenemo. Kuwerengera komwe Suzana Herculano-Houzel ndi anzake a ku Brazil anafalitsa mu 2009 kunasonyeza kuti mwa maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni a mu ubongo wa munthu wamkulu, okwana 69 biliyoni ali mu cerebellum. Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kugwirizanitsa minofu kuti munthu aime osadzandira, ayende molunjika, ndiponso dzanja lake lifike pomwe walilozetsa. Mwana amabadwa gawoli lisanathe kumangidwa, ndipo pamene likumangidwa maselo ake amasintha zida zomwe amalandirira uthenga wochokera kwa maselo anzawo. Kuchokera pomwe selo loyamba la mu cerebellum linaonedwa, panapita zaka zoposa 150 kuti zimenezi zidziwike bwino, chifukwa funso lililonse linkadikira chida choliyankhira.

Madokotala akale ankaidziwa cerebellum mwa maonekedwe okha. Galen wa ku Pergamon anaifotokoza m'zaka za m'ma 100, ndipo Andreas Vesalius anaijambula m'buku lake la 1543. Vincenzo Malacarne anailembera buku lakelake ku Turin mu 1776. Iye anakhala pansi n'kuwerenga timakwinya take kamodzikamodzi, ndipo ananena kuti timakhala tochepa mwa anthu opinimbira thupi ndi nzeru, omwe anali ambiri m'zigwa za kumpoto kwa Italy momwe matenda a chithokomiro anali ponseponse. Za ntchito yake anthu ankangoganizira. Franz Joseph Gall ankaphunzitsa kuti mmenemo ndimo mumachokera chilakolako cha kugonana, ndipo ambiri anamukhulupirira. Maganizowa anagwa pamene Luigi Rolando mu 1809 ndi Jean Pierre Flourens mu 1824 anayamba kuchotsa zidutswa za cerebellum mu nyama zamoyo. Nkhunda za Flourens sizinafe ziwalo ayi. Zinkatha kukupiza mapiko ndi kuponya miyendo, koma zinkadzandira n'kugwa chifukwa minofu yake sinkagwiranso ntchito mogwirizana.

Maselo anayamba kuoneka mu 1837, pamene Jan Evangelista Purkyně, pulofesa wa ku Breslau, anasonyeza pamsonkhano wa asayansi ku Prague maselo akuluakulu ondandalikana mumzere umodzi mkati mwa khungwa la cerebellum. Mpaka lero maselowa amatchedwa a Purkinje. Iye anangoona matupi ake, nthambi zake zinkabisika. Chomwe chinaziulula ndi njira yodetsera minyewa yomwe Camillo Golgi anatulukira mu 1873, akugwira ntchito m'khitchini yomwe anaisandutsa labotale pachipatala cha odwala matenda okhalitsa ku Abbiategrasso, pafupi ndi Milan. Ankaumitsa kachidutswa ka ubongo mu potassium dichromate kenaka n'kukaviika mu silver nitrate. Mwa maselo ambirimbiri, ochepa okha ndiwo ankada bii kuyambira kuthupi mpaka kunsonga kwa nthambi, ena onse n'kutsala osaoneka. Kuchepa komweko ndiko kunali phindu lake, popeza selo limodzi linkaoneka lonse popanda kusokonezedwa ndi anzake.

Amene anaidyera njirayi ndi Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain. Anaiona koyamba mu 1887 ku Madrid kwa dokotala Luis Simarro, ndipo atasamukira ku Barcelona anaikonza kuti izigwira modalirika. Nzeru yake yaikulu inali pa kusankha zoti aziyang'ana. Mu ubongo wa nyama yaikulu mitsempha yambiri imakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin omwe amakaniza utoto kulowa, ndiponso nthambi zimakhala zitapiringizana kwambiri. Cajal anatembenukira ku anapiye osaswedwa ndi ana a nyama ongobadwa kumene, momwe maselo akadali aafupi ndi osakutidwa. Mu 1888 anafalitsa zomwe anapeza mu cerebellum ya mbalame: mitsempha yofika pa selo la Purkinje imathera pomwepo, imalikhudza koma siilowerera mkati mwake. Izi zinkatsutsa chiphunzitso cha nthawiyo chakuti ubongo ndi ukonde umodzi wosaduka. Mu 1889 ananyamula magalasi ake okhala ndi tizidutswa ta ubongo kupita nawo kumsonkhano wa akatswiri ku Berlin, komwe Albert von Kölliker, mkulu wolemekezeka pa ntchitoyi, anawayang'ana n'kukhutira.

Posankha nyama zazing'ono, Cajal anapezeka kuti akuonanso momwe cerebellum imakulira. Anaona kuti pamwamba pa cerebellum ya mwana pali gawo la maselo ang'onoang'ono lomwe mwa wamkulu mulibe. Poyerekeza magalasi a misinkhu yosiyanasiyana, anazindikira kuti maselowa, otchedwa a granule, amabadwira kunjako, amatambasula ulusi mbali ziwiri, kenaka thupi lake limatsika kudutsa mzere wa maselo a Purkinje kukakhazikika m'gawo lamkati, ulusi uja n'kutsala m'mwamba. Anafotokozanso mtsempha wina wochokera kutali umene umayamba wazinga thupi la selo la Purkinje, kenaka n'kukwera nthambi zake ngati mmene nyemba zoyanga zimakwerera phesi la chimanga. Zonsezi anazitulukira poyang'ana minyewa yakufa, ndipo zambiri mwa izo zinadzatsimikizika patapita zaka makumi angapo. Mu 1906 iye ndi Golgi anagawana mphoto ya Nobel, ndipo Golgi anagwiritsa ntchito nkhani yake ya ku Stockholm kuteteza chiphunzitso cha ukonde chomwe njira yake yomwe inali itachigwetsa.

Ngati maselo ndi osiyana, ndiye kuti uthenga uyenera kuwoloka kampata kapakati pawo. Charles Sherrington anapatsa malo okumanirawa dzina lakuti synapse mu 1897. Mu 1905 John Newport Langley wa ku Cambridge, ataona mmene nicotine ndi curare zimalimbirana pa mnofu, ananena kuti pa selo payenera kukhala chinthu chapadera cholandira mankhwala. Ichi ndicho chiyambi cha ganizo la zolandirira, zomwe akatswiri amazitcha ma receptor. Mu 1921 Otto Loewi ku Graz anasonyeza ndi mitima iwiri ya achule kuti mtsempha umatulutsadi mankhwala onyamula uthenga, ndipo mu 1936 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Henry Dale. Komabe kwa zaka pafupifupi 70 cholandirira chinali ganizo chabe. Palibe anali atachiona, kuchiwerenga kapena kudziwa chomwe chinapangidwa nacho.

Mankhwala awiri ofunika kwambiri mu cerebellum anadziwika mochedwa. Mu 1950 Eugene Roberts ndi Sam Frankel, komanso gulu la Jorge Awapara, anapeza GABA mu ubongo. M'zaka za m'ma 1950 Takashi Hayashi ku Japan anaona kuti glutamate imachititsa nyama kugwa khunyu, ndipo David Curtis ndi Jeffrey Watkins ku Canberra anasonyeza kuti imadzutsa maselo a mitsempha. Pang'onopang'ono zinavomerezeka kuti glutamate ndiyo imauza selo kuti lichite, pomwe GABA imaliletsa. Mu 1964 Masao Ito ku Tokyo anadabwitsa anzake posonyeza kuti maselo a Purkinje, omwe ndiwo okha amatulutsa uthenga kuchoka m'khungwa la cerebellum, ntchito yawo ndi yoletsa, ndipo patapita zaka zochepa gulu lake linasonyeza kuti amaletsa pogwiritsa ntchito GABA. Mu 1967 John Eccles, Ito ndi János Szentágothai anatulutsa buku lotchedwa The Cerebellum as a Neuronal Machine. Linali buku lalikulu, koma linkafotokoza makina omalizidwa kale, makamaka a amphaka akuluakulu. Funso la mmene makinawo amasinthira pamene akumangidwa linali lisanayankhidwe.

Njira yoyankhira inayamba ndi kudziwa tsiku lobadwa la selo. Selo likamagawikana limatenga thymidine kuti lipange DNA yatsopano, choncho nyama ikabayidwa thymidine yotulutsa cheza, maselo obadwa tsiku limenelo amasunga chizindikirocho kulikonse komwe angapite. Irene Miale ndi Richard Sidman anagwiritsa ntchito njirayi pa mbewa mu 1961, ndipo Joseph Altman anaigwiritsa ntchito pa makoswe kwa zaka zambiri. Zinapezeka kuti maselo a Purkinje amabadwa nyama ikadali m'mimba, pomwe a granule ambiri amabadwa m'masabata atatu oyambirira itabadwa, gawo lakunja lija n'kuzimirira cha kumapeto kwa sabata lachitatu. Mu 1971 Pasko Rakic anasonyeza mwa anyani a rhesus kuti selo la granule potsika limakangamira ulusi wa maselo othandizira otchedwa Bergmann glia. Nayo mfundo ya Malacarne inabwereranso mwa njira ina, pamene makoswe osowa mahomoni a chithokomiro anapezeka kuti gawo lawo lakunja limachedwa kutha ndipo nthambi za maselo awo a Purkinje zimapinimbira.

Panalinso mbewa zobadwa ndi chilema cha kayendedwe, zomwe osunga nyama za kafukufuku ankaziona m'makola mwawo n'kuzipatsa mayina molingana ndi mmene zinkadzandirira: reeler yofotokozedwa ku Edinburgh mu 1951, lurcher mu 1960, staggerer mu 1962, ndi weaver mu 1964. Iliyonse inali ndi vuto pa jini limodzi ndipo inkasowa mtundu wina wa maselo kapena kuwaika pamalo olakwika. Mu 1976 Francis Crépel, Jean Mariani ndi Nicole Delhaye-Bouchaud ku France anapeza kuti mwa khoswe wamng'ono selo la Purkinje limalandira mitsempha yokwera ingapo, koma pokula yonse imachotsedwa kutsala umodzi wokha. Apa panaonekera kuti kukula kwa cerebellum sikungowonjezera zinthu, kumaphatikizanso kudulira, ndipo anthu anayamba kukayikira kuti zolandirira zili ndi mbali pa kudulirako.

Zida zitatu zinasandutsa cholandirira kukhala chinthu chogwirika. Choyamba chinali kumata mankhwala otulutsa cheza pa minyewa n'kuyeza pomwe amatirira, njira yomwe inatchuka mu 1973 pamene Candace Pert ndi Solomon Snyder anapeza zolandirira za opium ku Baltimore. Inkasonyeza kuchuluka kwa zolandirira pa msinkhu uliwonse, koma sinkatha kusiyanitsa mitundu yake yoyandikana. Chachiwiri chinali patch clamp ya Erwin Neher ndi Bert Sakmann ku Göttingen mu 1976, momwe kapaipi ka galasi kakang'ono kwambiri kamamatirira pakhungu la selo n'kuyeza magetsi odutsa pa cholandirira chimodzi chokha. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1991. Chachitatu, chomwe chinasintha zonse, chinali kupeza majini ake. Gulu la Shosaku Numa ku Kyoto linayamba ndi cholandirira cha acetylcholine mu 1982. Cha GABA-A chinatsatira mu 1987 mwa ntchito ya magulu a Eric Barnard ndi Peter Seeburg, choyamba cha glutamate chinapezedwa mu 1989 ndi Michael Hollmann ndi Stephen Heinemann ku Salk Institute, ndipo gulu la Shigetada Nakanishi ku Kyoto linapeza cha NMDA mu 1991.

Majiniwa anaulula kuti cholandirira si puloteni imodzi. Ndi zidutswa zingapo zomangidwa mozungulira kabowo komwe kamatseguka mankhwala akafika. Cha NMDA, chomwe chimalandira glutamate, chili ndi zidutswa zinayi: kawirikawiri ziwiri za GluN1 ndi ziwiri zosankhidwa mwa GluN2A, GluN2B, GluN2C ndi GluN2D. Cha GABA-A chili ndi zidutswa zisanu zosankhidwa mwa mitundu 19. Selo likasintha chidutswa chimodzi, cholandirira chimalandirabe mankhwala omwewo koma chimayankha mosiyana: chimatha kutseguka nthawi yaitali kapena yaifupi, kudutsitsa magetsi ambiri kapena ochepa. Magulu ofufuza ankapikisana kwambiri moti chidutswa chimodzi chinkakhala ndi mayina awiri. Chomwe gulu la Seeburg ku Heidelberg linkachitcha NR2B, gulu la Masayoshi Mishina ku Japan linkachitcha epsilon 2, ndipo chisokonezochi chinathetsedwa mu 2009 pamene mayina a lero anakhazikitsidwa.

Chaka cha 1992 ndicho chinatsegula nkhani ya kusinthaku. Ofufuza ankadula ubongo wa makoswe ndi mbewa a misinkhu yosiyanasiyana n'kuikapo zizindikiro zosonyeza jini lomwe likugwira ntchito pamalo aliwonse. Masahiko Watanabe ndi anzake a gulu la Mishina anasonyeza chaka chimenecho kuti zidutswa za GluN2 zimaoneka ndi kuzimirira pa nthawi zosiyana, ndipo Hannah Monyer ndi anzake ku Heidelberg anawonjezera tsatanetsatane mu 1994. Mu cerebellum chithunzi chake chinali chomveka kuposa kwina kulikonse. Maselo a granule aang'ono amapanga GluN2B. Akafika m'gawo lamkati GluN2B imachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, GluN2A imakwera, kenaka GluN2C imabwera ndi kuchuluka kwambiri. M'gawo lakutsogolo la ubongo GluN2B imakhalapobe moyo wonse, choncho kuzimirira kwake mu cerebellum ndi kwapadera, ndipo palibe malo ena mu ubongo wa nyama yaikulu momwe GluN2C imachuluka ngati m'maselo a granule.

Kupeza kuti jini likugwira ntchito si umboni wakuti cholandirira chafika pakhungu la selo, ndipo apa ndi pomwe patch clamp inathandiza. Mu 1994 Mark Farrant, Stuart Cull-Candy ndi anzawo ku University College London anayeza maselo a granule ali kunja, ali paulendo, ndiponso atafika. Maselo aang'ono anali ndi zolandirira zodutsitsa magetsi ambiri, pomwe okhwima anali atawonjezera mtundu wodutsitsa magetsi ochepa, womwe ndi chizindikiro cha GluN2C. Mu 2000 gulu lomweli linatsatira zomwe zimachitika pa malo okumanira maselo enieniwo. Pa tsiku la 7 khoswe atabadwa uthenga unkachedwa kutha, monga imachitira GluN2B. Pofika tsiku la 21 unkatha msanga chifukwa cha GluN2A, ndipo cha pa tsiku la 40 unayambanso kuchedwa komanso sunkatsekedwa kwambiri ndi magnesium, monga imachitira GluN2C. Motero kusinthaku kumapitirira ngakhale nyama italeka kuyamwa, pamene maikulosikopu imasonyeza ngati ntchito yomanga inatha kale.

Chodabwitsa china chinali chakuti selo limakhala ndi zolandirira lisanalumikizane ndi selo lina lililonse. Mu 1993 Hitoshi Komuro ndi Rakic ku Yale anajambula maselo a granule amoyo akutsika mu kachidutswa ka cerebellum ya mbewa. Atathira mankhwala otseka zolandirira za NMDA maselowo anachepetsa liwiro, ndipo atachotsa magnesium kuti zolandirirazo zizitseguka mosavuta anafulumira. Zolandirira za NMDA zimalowetsa calcium m'selo, ndipo calcium imeneyo imathandiza selo kuyenda. Cholandirira chomwe mwa wamkulu chimanyamula uthenga, mwa mwana chimayamba ndi ntchito yomanga.

Mbali ya GABA ili ndi mbiri yofanana. David Laurie, William Wisden ndi Seeburg anasonyeza mu 1992 kuti maselo a granule aang'ono amakhala ndi zidutswa monga alpha 2 ndi alpha 3, ndipo akakhazikika amayamba kupanga alpha 1 yambiri, alpha 6 ndi delta. Alpha 6 siipezeka m'selo lomwe likadali kunja, ndipo mu ubongo wonse imapezeka pafupifupi m'maselo a granule okha, a mu cerebellum ndi achibale awo a m'gawo lina lothandiza kumva. N'chifukwa chake ofufuza amaigwiritsa ntchito monga chizindikiro chakuti selo lakhwima. Zolandirira zokhala ndi alpha 6 sizimva diazepam, mankhwala omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Valium, kutanthauza kuti mankhwala amodzi omwewo sagwira selo laling'ono ndi lokhwima mofanana. Mu 1996 Stephen Brickley, Cull-Candy ndi Farrant anapeza kuti pamene khoswe akukula, maselo a granule amayamba kuletsedwa mosalekeza ndi GABA yochepa yomwe imangoyandama pakati pa maselo, kuwonjezera pa kuletsa kwa apo ndi apo kwa pa malo okumanira. Zolandirira za alpha 6 ndi delta, zokhala kunja kwa malo okumanirawo, ndizo zimachita zimenezi.

Atapanga mbewa zopanda jini la alpha 6 mu 1997, anthu ankayembekezera kuti zizidzandira. Sizinatero. Chidutswa cha delta chinachepa kwambiri chifukwa chosowa mnzake womangana naye, kuletsa kosalekeza kuja kunatha, koma mbewazo zinkayenda bwinobwino. Mu 2001 Brickley ndi anzake anapeza chifukwa chake: maselowo anali atawonjezera timabowo totulutsa potassium kuti akhalebe odekha monga kale. Phunziroli linaziziritsa anthu omwe ankaganiza kuti kuchotsa jini limodzi kumaulula ntchito yake mosavuta. Ubongo womwe ukukula umadzikonza, ndipo chomwe wofufuza amaona pamapeto ndi chilema pamodzi ndi chigamba chake.

Ngakhale zotsatira za GABA yeniyeniyo zimasintha ndi msinkhu. Yehezkel Ben-Ari ndi anzake anasonyeza mu 1989, mu hippocampus, gawo lina la ubongo, ya makoswe ongobadwa, kuti GABA imadzutsa maselo m'malo mowaletsa. Chifukwa chake ndi chakuti selo laling'ono limakhala ndi chloride yambiri mkati, ndiye cholandirira chikatseguka chloride imatuluka m'malo molowa. Gulu la Kai Kaila ku Helsinki linasonyeza mu 1999 kuti puloteni ya KCC2, yomwe imapopa chloride kunja, ndiyo imatembenuza zinthu ikayamba kupangidwa. Maselo a Purkinje a makoswe a masiku ochepa anapezekanso kuti amalowetsa calcium akalandira GABA, khalidwe lomwe limatha cha kumapeto kwa sabata loyamba.

Maselo a Purkinje anasocheretsa akatswiri kwa nthawi yaitali. M'sabata loyamba amakhala ndi zolandirira za NMDA zokhala ndi GluN2D, zomwe kenaka zimazimirira. Popeza ofufuza ambiri ankagwiritsa ntchito nyama za masabata awiri kapena atatu, zomwe minyewa yake ndi yosavuta kuyeza, mabuku anayamba kuphunzitsa kuti selo la Purkinje lokhwima lilibe zolandirira za NMDA zogwira ntchito. Mu 2007 magulu awiri, lina ku Paris lina ku London, anayeza mbewa zokhwimadi n'kupeza kuti zolandirirazo zimabweranso, makamaka pomwe mtsempha wokwera umakhudza. Cholakwikacho sichinali pa zida koma pa kutenga nyama yachinyamata ngati yaikulu. Za kudulira mitsempha yokwera, Masanobu Kano ndi anzake ku Japan anasonyeza mu 1997 kuti mbewa zopanda cholandirira cha glutamate chotchedwa mGluR1 zimakula maselo awo ena a Purkinje akadali ndi mitsempha yokwera yoposa umodzi. Chaka chomwecho mbewa ya lurcher inadziwika vuto lake: cholandirira cha GluD2, chomwe chimapezeka kwambiri m'maselo a Purkinje, chimakhala chotseguka nthawi zonse mpaka maselowo kufa. Mu 2010 magulu a Michisuke Yuzaki ndi Mishina anasonyeza kuti ntchito yaikulu ya GluD2 ndi kugwirana ndi puloteni ya Cbln1 yochokera ku maselo a granule, n'kumanga malo okumanira awiriwo.

Chomwe chimalamula selo kuti lisinthe zidutswa chafufuzidwa kwambiri m'mbale za labotale, ndipo apa m'pofunika kusamala. Maselo a granule a makoswe amakhala moyo m'mbale ngati madzi ake ali ndi potassium yochuluka kuposa ya m'thupi, ndipo potassium yomweyo imasintha zidutswa zomwe maselowo amapanga. Kafukufuku wa mtunduwu anasonyeza kuti kugwira ntchito kwa selo, kudzera mu calcium, kumazimitsa GluN2B ndi kuyatsa GluN2A. Mu 1997 kunatuluka lipoti lakuti puloteni ya neuregulin, yochokera ku mitsempha yofika pa maselo a granule, ndiyo imayatsa GluN2C. Ganizoli linalandiridwa bwino chifukwa linkafanana ndi zomwe zinkanenedwa za zolandirira za pa minofu, koma mu 2009 ofufuza a ku Basel anapeza kuti mbewa zomwe zinachotsedwa zolandirira za neuregulin mu cerebellum zinkapangabe GluN2C monga mwa masiku onse. Zomwe zimachitika m'mbale sizichitika nthawi zonse m'mutu mwa nyama.

Pafupifupi zonsezi zinapezedwa mwa makoswe ndi mbewa, ndipo kalendala yawo si ya munthu. Zomwe khoswe amachita m'masabata atatu atabadwa, munthu amaziyamba ali m'mimba n'kuzipitiriza kwa miyezi yambiri. Gawo lakunja la maselo a granule mwa mwana wa munthu limakhalapo mpaka cha kumapeto kwa chaka choyamba kapena kupitirirapo pang'ono. Pakati pa sabata la 24 ndi la 40 la mimba, cerebellum imakula pafupifupi kasanu, ndipo n'chifukwa chake imavulala mosavuta mwa ana obadwa masiku asanakwane. Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji, popeza lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika dzikoli patsogolo pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse obadwa nthawi isanakwane. Minyewa ya ana a anthu siipezeka mosavuta kuti ifufuzidwe, choncho mapu atsatanetsatane a majini a selo lililonse mu cerebellum ya munthu yomwe ikukula anayamba kutuluka mochedwa, monga a Kimberly Aldinger ndi anzake ku Seattle mu 2021.

Phindu looneka la mbiri yonseyi lili pa mankhwala. Mu 1999 Chrysanthy Ikonomidou, John Olney ndi anzawo anasonyeza kuti kutseka zolandirira za NMDA kwa maola ochepa mwa makoswe aang'ono kumapha maselo ambiri a ubongo, ndipo mu 2000 anasonyeza kuti mowa umachita chimodzimodzi chifukwa umatseka za NMDA kwinaku ukukuza mphamvu ya za GABA-A. Mu cerebellum ya khoswe, maselo a Purkinje amafa kwambiri ngati mowa wafika pakati pa tsiku la 4 ndi la 6, ndipo pakangopita masiku ochepa mlingo womwewo suwapha motero. Nthawi imeneyi ikufanana ndi miyezi yomaliza ya mimba ya munthu, ndipo cerebellum yaing'ono ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe zimapezeka mwa ana omwe anakhudzidwa ndi mowa ali m'mimba. Mankhwala ambiri ogonetsa munthu pa opaleshoni amagwiranso pa zolandirira ziwiri zomwezi. Mu Disembala 2016 bungwe loyang'anira mankhwala ku United States, FDA, linachenjeza za kuwagwiritsa ntchito mobwerezabwereza kapena kwa maola oposa atatu mwa ana osakwana zaka zitatu ndi amayi a m'miyezi itatu yomaliza ya mimba. Kafukufuku wa GAS, wochitika m'mayiko angapo ndi kufalitsidwa mu 2019, anapeza kuti makanda omwe anagonetsedwa kamodzi kwa nthawi yosakwana ola limodzi sanasiyane nzeru ndi anzawo pofika zaka zisanu.